Kabatani ndi Nthanda

"Ine ndikufunsa chinthu chimodzi chokha," anatero Atelala, chala chili m'mwamba. "Kodi mwana timamutumiza kusukulu kuti akaphunzire, kapena kuti azikalira?"

Madamu anaima pakhomo la ofesi ya Ahedi, choko chidakali m'manja. Anamuitana ali pakati pa phunziro, ndipo sankadziwa chimene walakwa. Bambo wolankhulayo anamuzindikira ndi tepi yoyezera imene inali lende pakhosi. Anali bambo ake a Kabatani, kamtsikana ka m'kalasi mwake kamene kankakhala kutsogolo pafupi ndi zenera. Anzake ndiwo anakapatsa dzinali chifukwa cha kuchepa msinkhu ndi ntchito ya bambo ake, ndipo dzinalo linamera mizu mpaka kunyumba. Sabata yonseyo kamtsikanako sikanaoneke kusukulu. Madamu ankangoti ndi chimfine.

"Lowani mukhale, Madamu," anatero Ahedi, akupukuta magalasi awo. "Sabata yatha munawaphunzitsa chiyani ana?"

"Za mapulaneti, bwana. Kusiyana kwa dziko lathu ndi mapulaneti ena. Zili m'buku."

"Za Nthanda munati chiyani?" anafunsa Atelala. "Nenani pano, ndimve ndi makutu angawa."

Madamu anakumbukira bwino, chifukwa phunziroli ndilo ankalikonda kuposa onse. Tsiku limenelo anabwera ndi mpira, lalanje ndi timiyala, n'kuzindandalika patebulo. Anawauza ana za Mazi, pulaneti lofiira la fumbi lokhalokha, kumene kumazizira koopsa ndipo mpweya wake sungasunge munthu. Anawauza za Jupita, chimphona chopanda nthaka yoti n'kupondapo phazi. Kenaka anafunsa ngati alipo amene anaionapo Nthanda, nyenyezi yowala ija ya mbandakucha.

Dzanja la Kabatani ndilo linayamba kukwera. "Ine ndimaiona, Madamu! Ndimaipatsa moni!"

Ana anaseka, Madamu nayenso anaseka. Anawafotokozera kuti Nthanda si nyenyezi ayi, koma pulaneti, ndipo m'mabuku amalitchula kuti Venasi. Kukula kwake n'kofananako ndi dziko lathu, koma kumeneko kulibe mtsinje, kulibe mtengo, kulibe mthunzi. Kumatentha moti mtovu umasungunuka, mitambo yake ndi ya asidi, ndipo mpweya wake ndi wolemera moti ungamuphwanye munthu ngati chitini chopondedwa ndi lole. Ana anakuwa mokondwa, monga achitira ana akamva zoopsa zakutali. Wina kumbuyo anati, "Ndiye ukangofikako umasanduka makala!" Madamu anayankha kuti, "Makala achita kutsala?" Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Kutsogolo, pafupi ndi zenera, sanayang'aneko.

Zonsezi anazifotokoza mu ofesimo, kupatula za makala. Atamaliza, Atelala anavula tepi ija n'kuyamba kuikulunga pachala.

"Amayi ake ali kumeneko," anatero.

Panja ana ankaimba matebulo a masamu.

"Mkazi wanga anamwalira mwanayu ali wamng'ono kwambiri," anapitiriza, mawu atatsika. "Pamaliro tinamutumiza kwa azakhali ake. Atabwerako anafunafuna mayi ake m'zipinda zonse, mpaka kuseri kwa makina. Tsiku lina m'mamawa ndinamupeza ataima pakhomo, akudikira. Ndikanati chiyani? Ndinangoona chinthu chowala kumwambako, n'kumuuza kuti amayi ako ndi awo, akukuyang'ana. Analeka kulira. Kuyambira pamenepo amadzuka kukawapatsa moni. Ikasowa m'mawa ndimamuuza kuti asintha shifiti, aziwadikira madzulo. Zaka zonsezi takhala bwinobwino. Lero inu mwamuuza kuti mayi ake akupsa."

"Sindinadziwe, bambo," anatero Madamu.

"Simunafunse."

Ahedi anatsokomola. Anali munthu wodana ndi phokoso, ndipo mlandu uliwonse ankaufunira khomo lapafupi. "Madzi akatayika saoleka," anatero. "Koma apa khoswe wakhala pamkhate. Tikaponya mwala tiswa zonse. Madamu, mupite kunyumbako mukamuuze mwanayo kuti munasokoneza. Munene kuti lotenthalo ndi pulaneti lina, osati Nthanda. Nkhani yatha."

"Koma bwana, zimenezo si zoona. Ndipo zidzabwera pamayeso."

"Mayeso ndi mwana, chachikulu n'chiti?"

Atelala anaimirira n'kubwezera tepi pakhosi. "Ine zamabuku sindizitsutsa," anatero ali pakhomo. "Ndikungofuna mwana wanga adye. Kuyambira tsiku lija akungotola chakudya ngati mbalame."

Nthawi ya buleki Madamu anakhala pakona m'chipinda cha aphunzitsi, tiyi akuzizira patsogolo pake. Nkhani inali itafika kale, pakuti makoma a ofesi ya Ahedi anali a bolodi. Mphunzitsi wa masamu, amene aliyense ankangomuti a Masamu, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Mwaona ubwino wa phunziro langa?" anatero akusakaniza shuga. "Ine ndikati ziwiri kuphatikiza ziwiri ndi zinayi, palibe mayi wa munthu amapsa."

"Musaseke, a Masamu."

"Sindikuseka, mlongo wanga. Ndikuti tsoka silinunkha. Inu munakonza phunziro, simunakonze maliro. Pitani mukanene zimene akuuzani Ahedi. Bodza lothandiza mwana, ngakhale kumwamba amalilemba ndi pensulo."

"Nanga akadzakula n'kudziwa kuti ndinamunamiza?"

"Adzakhala atakula. Panopa ndi mwana woti adye."

Madamu anaona kuti mawuwo ali ndi nzeru, komabe sanakhazikike mumtima mwake. Iye anasankha uphunzitsi chifukwa cha zinthu ngati zimenezi. Ankakonda kuona maso a ana akutseguka akamva kuti kumwamba kuja si denga, kuti mlalang'amba wathu uli ndi nyenyezi zosawerengeka, zambiri zili ndi mapulaneti akeake, ndipo pa onse amene anthu awapeza, palibe limene likudziwika kuti lili ndi zamoyo kupatula lino. Ankaganiza kuti akupatsa ana mphatso. Sanaganizepo kuti m'kalasi mungakhale mwana amene anaikiza chuma chake chonse kumwambako.

Ataweruka anapita. Njira yonse ankayeseza mawu: ndinasokoneza, mwanawe, lotentha ndi lina. Mawuwo anali afupi, osavuta. Akawanena kamodzi basi.

Nyumba ya Atelala inali kuseri kwa shopu yawo yomwe. Kutsogolo kunali makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi madiresi opachika pachingwe, ena opanda manja, ena mapini ali mbuu. Pamakina panali thalauza losokedwa mwendo umodzi. Atelala anamulandira opanda mawu ambiri n'kumudutsitsa pakakhonde kopita kuchipinda. Pakhondepo Madamu anapunthwa pa chidebe. Atayang'ana anaona zidebe, mabeseni, mapoto ngakhale ketulo, zonse zodzaza madzi, zitandandalikidwa m'mbali mwa khoma.

"Madzi akuvuta kuno?" anafunsa.

"Ndi iyeyo," anatero Atelala. "Amatunga masana. Kukamacha amatuluka ndi kapu, n'kumamwaza madzi kumwamba, kuloza kumene kuli Nthanda. Akuti mwina ena afika. Onse amabwerera pamutu pake. Ndikamugwira amandiluma. Pano wayamba kutsokomola."

Madamu anaona kapu yapulasitiki yofiira itaikidwa bwinobwino pamwamba pa chidebe chachikulu, kudikira mawa.

Kabatani anagona pabedi chopenya kukhoma, atavala juzi ya sukulu. Tsitsi lake linali losapesa. Madamu anakhala m'mphepete mwa bedi, Atelala anatsamira chitseko.

"Kabatani, ndine. Anzako akukusowa."

Mwanayo sanatembenuke.

"Ndabwera kudzakuuza za tsiku lija. Pamene ndinkanena za Nthanda, ndina—"

"Ndawerenga," anatero Kabatani, mawu ali asasa. Anatulutsa dzanja m'bulangeti n'kukankha buku la sayansi, limene linali pansi pa pilo. Linatseguka lokha patsamba la chithunzi cha mpira wachikasu. Tsambalo linali litafewa ndi kugwiridwagwiridwa. "Simunasokoneze. Adadi anandiuza kuti mubwera kudzanena kuti munasokoneza. Koma zalembedwa apa."

Madamu anayang'ana Atelala. Iwo anayang'ana pansi. Mawu onse amene Madamu anayeseza m'njira anathera pomwepo, ndipo anachita manyazi pozindikira kuti mtima wake wapepukako.

"Inde," anatero. "Zalembedwazo ndi zoona."

Kabatani anatembenuka. Maso ake anali otupa. "Ndiye akumva kuwawa? Tsiku lililonse?"

"Ayi. Tandimvera bwino, mwanawe. Ku Nthanda sikunafikeko munthu. Wamoyo kapena womwalira, palibe. Kunangofikako makina otumizidwa ndi akatswiri, nawonso sanakhalitse, anawonongeka. Kulibe aliyense kumeneko woti amve kutentha. Ndi miyala yokhayokha ndi mitambo. Amayi ako kulibe."

Mwanayo anakhala tsonga. Anamuyang'ana Madamu nthawi yaitali, monga ayang'anira munthu ndalama yokayikitsa.

"Mukunena zoona?"

"Ndinakunamizapo?"

Kabatani anapukusa mutu. Anapuma mozama, chifuwa chikulira. Kenaka nkhope yake inawala pang'ono. "Ndiye mwina ali pa lina! Munati alipo ambirimbiri, ozungulira nyenyezi zina. Munati ena mwina ali ndi madzi. Adadi anangolakwitsa kuloza. Eti, Madamu? Lilipo lina labwino?"

Atelala anadzutsa mutu. Maso awo anamupempha Madamu poyera: vomerani, mupatseni limodzi. Ndipo zinali zosavuta. Mapulaneti amenewo ali kutali moti palibe buku la sukulu likanamutsutsa. Akanatha kusankha kanyenyezi kalikonse kosaoneka bwino, n'kunena kuti kuseri kwake kuli dziko la mitsinje ndi maluwa. Mwana akanadya madzulo omwewo.

Koma anaganiza za zidebe zija. Mwana uyu sankangomva chinthu n'kuchisiya. Akanafufuza dzina la pulanetilo, kutalika kwake, kutentha kwake. Tsiku lina mphunzitsi wina akanaima kutsogolo kwa kalasi ndi mpira ndi lalanje.

"Alipo ambiri, inde," anatero pang'onopang'ono. "Ena ali pafupi kwambiri ndi nyenyezi zawo moti miyala imasungunuka. Ena ndi ozizira kotheratu. Ena mwina ali ndi madzi, sitikudziwa bwino. Koma onsewo ali kutali koti palibe munthu anayandikirako. Malo okhawo amene tikuwadziwa oti munthu n'kupuma, n'kumwa madzi, n'kubereka mwana n'kumuyamwitsa, ndi pano. Amayi ako anabadwira pano, anakuberekera pano. Za kumene mzimu wa munthu umapita, buku langa silinena kanthu, ndipo ine sindingakunamize kuti ndikudziwa. Koma si pa pulaneti."

"Nanga ali kuti?"

Funsolo silinali la Madamu. Anatembenukira kuchitseko.

Atelala anayenda ngati munthu wosenza thumba la simenti. Anagwada pafupi ndi bedi, mawondo akulira.

"Mwanangu, amayi ako anadwala, anamwalira kuchipatala. Tinawaika m'manda. Si kutali. Ukakwera basi ya kumsika waukulu, n'kutsika pomwe imathera, umangoyenda pang'ono."

"M'dothi?"

"M'dothi."

"Inu mumapitako?"

"Ndimapitako. Masiku amene ndimati ndikukagula ulusi."

Kabatani anawayang'ana bambo ake ngati akuwaona koyamba. Sanalire. Madamu akanakonda mwanayo akanalira.

"Ndiye masiku onsewa ndimapatsa moni ndani?"

Kunja njinga yamoto inadutsa, wina anagogoda pashopu n'kuitana telala, kenaka anatopa n'kuchoka.

"Ndinkawauza zonse," anapitiriza mwanayo. "Nditakhoza mayeso ndinawauza. Dzino litachoka ndinawaonetsa. Inu munali pomwepo, mukumwa tiyi. Munkandiona ndikulankhula ndi mwala."

"Ndinkafuna usalire, mwanangu."

"Munkapita nokha."

Atelala anatambasula dzanja kuti amugwire phewa, koma Kabatani anadzikokera kukhoma n'kudzifunditsa bulangeti mpaka kumutu.

Poperekeza Madamu, Atelala anaima pakati pa madiresi opachika aja. Nkhope yawo inali itagwa. "Ndinakupemphani kuti mundibwezere mwana," anatero. "Mwandilanda kawiri."

"Pepani, bambo."

"Pepani sasoka chong'ambika." Anakhala pamakina, n'kugwira thalauza lija osaliona. "Mukanangomupatsa limodzi mwa enawo. Chikanakuvutani n'chiyani? Inu mukupita kwanu. Ine nditsala naye."

Madamu anafuna kunena kuti tsiku lina adzamvetsa, koma anaona kuti mawu amenewo ndi otchipa kwa munthu amene sagona m'nyumbamo. Anangoti, "Mupite naye kumandako. Musadikire."

Kunyumba kwake sanathe kulemba chikonzero cha phunziro la mawa. Ankangotembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Kodi anakana bodza chifukwa cha mwana, kapena chifukwa chofuna kuti iye mwini akhale woyera m'manja? Yankho lenileni sanalipeze.

M'mawa mwake Ahedi atamva kuti sananene zimene anamutuma, anavula magalasi n'kuwaponya patebulo. "Ndinakutumani kukazima moto, inu mwakathira palafini. Bambo uja akakadandaula kwa akuluakulu, musadzanditchule. Ndipo gawo lotsala la mapulanetilo mulidumphe. Pitani pa za zomera."

"Ndilidumpha sabata ino, bwana. Koma ndidzaliphunzitsa. Ndidzayamba ndafunsa ana zimene akudziwa kale, ndi amene anawauza."

"Mutu wanu ndi wouma ngati wa mbuzi," anatero Ahedi, koma sanaletse.

Lolemba Kabatani anabwera. Analowa mochedwa pang'ono, tsitsi litapesedwa, n'kukhala pamalo pake. Tsiku lonse sanakweze dzanja. Anzake atamufunsa kumene anali anangoti amadwala. Pa buleki Madamu anamuona pansi pa mtengo akudya buledi wake, pang'onopang'ono, mpaka anamaliza.

Ana ataweruka iye anatsalira, akulongedza mabuku mosafulumira. Kalasi itatsala ya awiri anabwera patebulo.

"Tinapita Loweruka," anatero, akuyang'ana choko.

"Unaona bwanji?"

"Ndi papang'ono. Ndimayesa pakhala papakulu. Pamera udzu. Panali nyerere zambiri, ndi chiwala. Dzina lawo linalembedwa, koma chilembo chimodzi chinafufutika. Ndinazula udzu wina. Wina ndinausiya, unali ndi timaluwa."

"Unachita bwino."

"Sindinawapatse moni. Sindinadziwe kuti ndiyang'ane pati."

Madamu anafuna kumukumbatira, koma mwanayo anali atatembenuka kale.

Anamutsatira chapatali mpaka pageti. Atelala anali pamenepo, pakati pa amayi odikira ana a kalasi yoyamba, ngakhale kuti Kabatani anasiya kalekale kutengedwa kusukulu. Anali atameta ndevu ndi kuvala malaya ositidwa. Mwanayo anawadutsa ngati sakuwadziwa. Anangovula chikwama n'kuchisiya pamapazi awo, n'kupitirira.

Atelala anatola chikwamacho. Ataona Madamu anagwedeza mutu pang'ono.

"Akudya," anatero. "Chifuwa chikuchepa. Koma kuyambira Loweruka sanandilankhule ngakhale liwu limodzi. Akafuna mchere amaloza."

"Zitenga nthawi, bambo."

"Inu mumadziwa za kumwamba. Za nthawi musandiuze." Sananene mokalipa. Anakoleka kachikwamako paphewa, zingwe zake zili zazifupi moti kanakhala kukhwapa, n'kuyamba kutsatira mwana wawo.

Madamu anaima pageti akuwayang'ana. Kabatani ankayenda patsogolo, msana uli chilili, bambo ake m'mbuyo, osayesa kumupeza. Anadutsa mashopu, anadutsa pokwerera basi. Pamsewu waukulu, pamene magalimoto amathamanga osaona munthu, mwanayo anaima. Mpata wowolokera unapezeka, anthu ena anawoloka, iye sanasunthe. Sanacheuke, sanaitane. Anangoima m'mphepete mwa msewu, manja ali m'matumba a juzi, mpaka bambo ake anafika pambali pake.